Ulendo wa ku Nyanja ya Kariba

Nyanja za Malawi, Chilwa, Chiuta ndi Malombe ndi zachilengedwe. Palibe munthu amene adazikumba. Koma ziliponso nyanja zina zimene zidapangidwa ndi anthu potseka mtsinje ndi khoma kuti madzi asonkhane. Imodzi mwa nyanja zotere ndi Kariba, imene ili pa mtsinje wa Zambezi, m'malire a Zambia ndi Zimbabwe. Anthu ambiri amapita kumeneko kukawedza nsomba, kukakwera mabwato ndi kukagona m'mahema m'mbali mwa madzi.

M'mudzi wina wa m'boma la Mchinji mudali mnyamata amene adamva dzina la Kariba asanayambe n'komwe sukulu. Adalimva kwa agogo ake aamuna. Nkhani ya magetsi ikangotchulidwa pabwalo, agogowo ankakhosomola pang'ono ndi kunena kuti, "Khoma la Kariba lija atate anga adamanga nawo ndi manja awo." Zimenezi zidali zoona. M'masiku a Chitaganya, chimene chidaphatikiza Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia kuyambira mu 1953 mpaka mu 1963, amuna ambiri a ku Nyasaland adapita kukagwira ntchito ku Kariba, ndipo atate a agogowo adali mmodzi mwa iwo. Adachoka mwana wawoyo ali wamng'ono, ndipo pobwerera adadza ndi njinga, bulangeti ndi chitupa cha kuntchito. Njinga ndi bulangeti zidatha kalekale, koma chitupacho agogo adachisunga m'kachitini, chokulunga m'kansalu. Chimene chinkawadandaulitsa n'chakuti iwo eni adali asanalionepo khomalo.

Chaka china, pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti, amalume a mnyamatayo, amene ankagwira ntchito ku Lusaka, adatumiza uthenga ndi ndalama za ulendo. Adapempha kuti atate awo abwere pamodzi ndi mdzukulu wawoyo, kuti akaone ndi maso malo amene adakhala akuwasimba zaka zonsezo. Apo n'kuti mnyamatayo ali mu Sitandade 7. Atakonza ziphaso zawo, awiriwo adadutsa malire pa Mwami, nakwera basi ku Chipata. Adayenda tsiku lathunthu, adaoloka mlatho wa pa mtsinje wa Luangwa, ndipo adafika ku Lusaka dzuwa litalowa kale.

M'mawa mwake amalume adalongedza m'galimoto hema, mphasa, mapoto, ufa, mchere ndi mbedza. Kuchokera ku Lusaka kukafika ku Siavonga, tauni ya m'mbali mwa nyanjayo, pali mtunda wa makilomita pafupifupi 200. Atapitirira Kafue, msewu udayamba kutsetsereka mokhotakhota pakati pa mapiri, ndipo kutentha kudanka kukulirakulira. Mitengo nayo idasintha. Paliponse padali milambe ndi tsanya. Pa malo otchedwa Lusitu mnyamatayo adaona nthaka youma gwa, yodzaza ndi zigwembe, ndiponso amayi atasenza zigubu za madzi pa dzuwa lotentha. Adadabwa kuona kuti anthu akhoza kuvutikira madzi chonchi pafupi ndi nyanja yaikulu, koma sadafunse kanthu, pakuti mtima wake udali patsogolo.

Asanapite kukafuna malo ogona, agogo adaumirira kuti ayambe aona khoma. Atapatsidwa chilolezo pa chipata cha malire, adatsika wapansi mpaka adaima pamwamba pake. Khomalo ndi la konkire, lokhota ngati uta, ndipo msana wa utawo uli kunyanja, kuti mphamvu ya madzi izikankhira ku matanthwe a mbali zonse ziwiri. Msinkhu wake ndi mamita 128, ndipo utali wake ndi mamita 579. Pamwamba pake pali msewu wolumikiza maiko awiriwo, ndipo pakati pake pali zipata 6 zotulutsira madzi nyanja ikadzaza kwambiri. Ntchito yolimanga idayamba mu 1955 ndi kutha mu 1959, koma madzi adatenga nthawi mpaka mu 1963 kuti adzaze chigwa chonse. Nyanja imene idabadwa motero ndi yotalika makilomita oposa 200, ndipo penapake ndi yotambalala makilomita 40. Nyanja ya Malawi imaiposa kukula kasanu, koma mwa nyanja zonse zopangidwa ndi anthu palibe ina yosunga madzi ochuluka kuposa Kariba.

Amalume adafotokoza kuti madzi a m'nyanjayo amatsikira m'mipita yobooledwa m'thanthwe, nakazunguza makina opanga magetsi amene ali pansi pa nthaka, tsidya lino ndi tsidya linalo. Magetsiwo amapita ku migodi ya mkuwa ndi ku mizinda ya maiko onse awiri. "Tsono mvula ikavuta kumtunda, ifenso ku Lusaka timakhala mu mdima," adatero amalume. "Mu 2024 madzi adaphwa kwambiri chifukwa cha chilala, ndipo magetsi ankazima maola ochuluka tsiku lililonse."

Agogo ankamva zonsezi, koma maso awo adali pansi, kumene mtsinje unkaoneka ngati kangalande. Adakumbukira zimene atate awo ankasimba za madzi osefukira a mu 1957, ndi enanso oopsa koposa a mu 1958, amene adakokolola milatho ndi kuononga ntchito ya miyezi yambiri. Eni dera, Atonga a m'chigwa cha Zambezi, adati Nyaminyami wakwiya. Nyaminyami ndi mzimu wa mtsinjewo, umene amati uli ndi thupi la njoka ndi mutu wa nsomba, ndipo amauopa monga momwe anthu a ku Zomba ndi ku Phalombe amaopera Napolo. Pa ntchito yonse yomanga khomalo padafa anthu 86. Agogo adavula chipewa, nakhala chete kanthawi. Kenaka adaweramira pansi ndi kusisita konkire yotentha ija ndi chikhatho chawo.

"Taona, mdzukulu wanga," adatero, "ndi manja a anthu amene adachita zimenezi."

Dzuwa litapendeka adafika pa malo omanga mahema. Mnyamatayo adasankha msipu wobiriwira wa m'mphepete mwenimweni mwa madzi, nayamba kukhoma zikhomo. Mlonda wa pamalopo adabwera msanga ndi kumuletsa. Adati msipu umenewo ndiwo chakudya cha mvuu, zimene zimatuluka usiku, ndipo mvuu ikapeza chinthu pakati pa iyo ndi madzi imachita ukali woopsa. Adawachenjezanso kuti asasambe kapena kutsuka mbale m'nyanja, chifukwa muli ng'ona zambiri ndiponso nkhono zofalitsa likodzo. "Safunsa adadya phula," adatero agogo, akuzula zikhomo zija. Motero adamanga hema lawo pamtunda, pansi pa mtengo, nasonkha moto pa malo oikidwiratu.

Mdima utagwa, mnyamatayo adaona nyali zambirimbiri zikuwala patali, nafunsa dzina la mzinda umenewo. Amalume adaseka. "Si mzinda umenewo ayi, ndi asodzi a kapenta," adatero. Kapenta ndi tinsomba tating'ono tonga usipa. Kale mu Zambezi mudalibe tinsomba timeneti. Mu 1967 ndi mu 1968 akatswiri a za nsomba adatitenga ku Nyanja ya Tanganyika ndi kudzatiika mu Kariba, ndipo tidaswana kwambiri. Asodzi amatsitsa ukonde waukulu wozungulira pansi pa nyali yowala. Tinsombato tikasonkhana pofuna kuwalako, amakweza ukondewo, ndipo m'mawa amatithira mchere ndi kutiyanika pa thandala. Usiku umenewo mnyamatayo adagona mochedwa, akumvetsera kulira kwa mvuu.

Kutacha adapita padooko, pamene amalume adapangana ndi mwini bwato la injini. Mwini bwatoyo adali bambo wa imvi, wochepa mawu. Adali Mtonga, koma ankalankhula Chinyanja bwinobwino monga amachitira anthu ambiri a ku Zambia. Atonga a ku Zambezi ndi osiyana ndi Atonga a ku Nkhata Bay, ndipo zilankhulo zawo n'zosiyananso. Bamboyo adaona kaye chilolezo chawo chowedzera nsomba, kenaka adapatsa aliyense chovala choyandamitsa munthu pamadzi. Sadalize injini kufikira onse atamanga zingwe za zovalazo.

Atayenda pafupifupi ola limodzi, adafika pa malo pamene mitengo youma idaimirira m'madzi, yopanda masamba ngakhale makungwa. Idali mitengo ya tsanya imene idamira pamene nyanja inkadzaza, koma chifukwa cha kulimba kwake idakana kuola. Pa nthambi ina padatera nkhwazi. Mwini bwato adaloza zilumba zimene zidali patsogolo, nanena kuti kale zidali nsonga za mapiri. Madzi akukwera, nyama zambiri zidathawira pa nsongazo ndi kusowa kolowera. Oyang'anira nyama zakuthengo, motsogozedwa ndi Rupert Fothergill, adayenda pa mabwato kuzipulumutsa pa ntchito imene idatchedwa Operation Noah, ndipo adapulumutsa nyama pafupifupi 6,000.

Adamangirira bwato ku mtengo wina, nayamba kuwedza. Nyambo yoyamba idali nyongolotsi. Padapita nthawi yaitali popanda chogwedeza chingwe, ndipo mnyamatayo adayamba kutopa. Agogo adamukumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pambuyo pake amalume adakola nsomba ziwiri zofanana ndi chambo. Apo mwini bwato adamwaza kapenta pamadzi, nakoleka tina pa mbedza ya mnyamata uja. Posakhalitsa chingwe chidakokedwa mwamphamvu, koma mwadzidzidzi chidalefuka. Pochikweza adapeza kuti chaduka ngati achidula ndi lumo.

"Ameneyo ndi mcheni," adatero mwini bwato. Iyi ndi nsomba ya mano akuthwa, ya mizere yakuda m'nthiti ndi chipsepse chofiira kumchira, imene alendo amaitcha tiger fish. Imapezekanso mu Shire cha ku Chikwawa ndi ku Nsanje, koma mathithi a mtsinjewo amailetsa kukwera kukafika m'Nyanja ya Malawi. Bamboyo adamangirira kawaya pakati pa mbedza ndi chingwe, kuti mano a nsombayo asapeze podula. Ulendo wachiwiri mcheni udakodwa ndithu. Udalumpha m'mwamba katatu ukupukusa mutu, ndipo manja a mnyamatayo adachita dzanzi, koma sadataye ndodo. Pomaliza mwini bwato adauwola ndi kaukonde, nachenjeza kuti wina asayandikize chala kukamwa kwake.

Chisangalalo chili pakati, bamboyo adayang'ana kutali, namasula chingwe cha bwato mofulumira. Mwezi wa Ogasiti ndi wa mphepo pa Kariba, monga momwe mwera umavutira pa Nyanja ya Malawi. Madzi amene adali bata adayamba kuchita mizere yoyera, ndipo posachedwa mafunde adayamba kumenya bwato ndi kuthira madzi m'kati. Amalume adafuna kuti abwerere kudooko, koma mwini bwato adakana. Adati kudutsa pakati pa nyanja pa mphepo yotere n'kufuna imfa. Adauza onse kuti akhale pansi, napatsa mnyamatayo chitini chokapira madzi. Pang'onopang'ono adalunjika kuseri kwa chilumba china, kumene mphepo siinkafika, ndipo adaima kumeneko kudikira.

Mitima itakhala pansi, agogo adafuna kuthokoza bamboyo ndi kucheza nawo. Adatulutsa kachitini kaja, namasula kansalu, naonetsa chitupa chija. "Onani, bambo," adatero monyadira, "ife si alendo kwenikweni pano. Khoma lija atate anga adamanga nawo."

Mwini bwato adalandira chitupacho ndi manja awiri, nachiyang'ana nthawi yaitali. Pochibweza adati, "Atate anu adamanga, achikulire. A kwathu adasamuka."

Onse adakhala chete. Bamboyo adapitiriza mosakweza mawu. "Ine ndidabadwira ku Lusitu, kumene mudadutsa dzulo. Koma mayi anga mpaka imfa yawo sadanenepo kuti kwawo ndi ku Lusitu. Kwawo kuli pansi pa madzi ano, kumadzulo uko. Ankalima kawiri pa chaka: dzinja kumunda, ndipo madzi a mtsinje akabwerera ankadzala m'madimba. Atauzidwa kuti achoke, sadakhulupirire kuti munthu angatseke Zambezi. Amuna ena a kwa Mfumu Chipepo adakana kusamuka, ndipo mu 1958 apolisi adawaombera, nafa anthu 8. Otsalawo adakwezedwa pa malole. Nkhokwe ndi mbuzi adanyamula, koma manda a makolo adatsala. Ku malo atsopanowo kudafa anthu ambiri ndi matenda, makamaka ana. Ndipo ine ndakula ndikuona mawaya a magetsi akudutsa pamwamba, ife tikuwerengera koloboyi."

Zimene adanena bamboyo zidachitikadi. Anthu pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwiri za mtsinje adasamutsidwa kuti nyanjayo ipeze malo, ndipo ambiri adapatsidwa nthaka yosabereka ngati imene adasiya.

Mnyamatayo adakumbukira amayi a zigubu aja. Adafunsa mwaulemu kuti, "Nanga bambo, simuipidwa nayo nyanjayi?"

"Mwana wanga," adayankha, "nyanjayi idameza munda wa mayi anga, koma ndiyonso yaphunzitsa ana anga sukulu. Ndiikwiyire bwanji? Nanga ndiiyamike bwanji?" Kenaka adatembenukira kwa agogo, amene adali ataweramitsa mutu. "Musachite manyazi, achikulire. Atate anu sadalamule kuti khoma limangidwe. Ankafuna ndalama ya msonkho ndi chovala cha ana awo, monga munthu aliyense. Chitupacho chisungeni. Koma mukamasimba za khoma, muzisimbanso za midzi."

Mphepo idaleka dzuwa litapendeka, ndipo adabwerera kudooko bwinobwino. Agogo adapempha mwini bwato kuti adye nawo chakudya cha madzulo. Amalume adaphika nsima, mnyamatayo nawotcha nsomba zija pa makala. Mcheni udali ndi minga yambiri, koma onse adavomereza kuti udakoma. Atasamba m'manja, agogo adalankhula akuyang'ana moto.

"Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Ine ndakhala ndikuunena mwambi umenewu moyo wanga wonse. Koma lero ndaona zina. Pano olira mvula adali ena, oponda matope adali enanso."

Mlendo wawo atatsazika, nyali za asodzi a kapenta zidayambanso kuwala pa nyanja. Mnyamatayo adaziyang'ana nthawi yaitali. Dzulo lake adaziyesa mzinda, ndipo amalume adamuseka. Tsopano adadziwa kuti sadalakwitse kwenikweni, pakuti pansi pa madzi amenewo padalidi midzi, mabwalo, madimba ndi manda.

M'mawa adapasula hema, adazima moto ndi madzi, natola zinyalala zonse kuti asiye malowo monga adawapezera. Podutsanso pa Lusitu agogo adapempha kuti galimoto iyende pang'onopang'ono, ndipo adavulanso chipewa chawo monga adachitira pa khoma paja.

Atafika kwawo ku Mchinji, anthu adasonkhana kudzamva za ulendowo. Mnyamatayo adasimba za mvuu, za mphepo ndi za mcheni umene udadula chingwe. Agogo nawo adakhosomola pang'ono monga mwa nthawi zonse, nati, "Khoma la Kariba lija atate anga adamanga nawo ndi manja awo." Koma tsiku limenelo sadalekere pomwepo. Adaika kachitini kaja pambali, nayamba kusimba za mayi wina wa Chitonga amene ankalima kawiri pa chaka m'mbali mwa Zambezi.

Mafunso

1. Kodi Nyanja ya Kariba imasiyana bwanji ndi Nyanja ya Malawi?
2. N'chifukwa chiyani mlonda adaletsa mnyamata kumanga hema m'mphepete mwa madzi?
3. Fotokozani m'mene asodzi amaphera kapenta.
4. N'chifukwa chiyani mwini bwato adakana kubwerera kudooko mphepo itayamba?
5. Tchulani zabwino ziwiri ndi zovuta ziwiri zimene khoma la Kariba lidabweretsa.
6. Kodi agogo ankatanthauzanji ponena kuti, "Olira mvula adali ena, oponda matope adali enanso"?
7. Funsani akuluakulu a kwanu za anthu amene adasamutsidwapo chifukwa cha msewu, damu kapena munda waukulu, ndipo mulembe zimene mwamva.